Achimwene anati ali bwino: sabata yathu ku Méribel

Loweruka

Tafika bwino. Tinadzuka ku Manchester kusanache, tinatera ku Geneva, kenako basi inatitenga kudzera ku Albertville mpaka pa Moûtiers. Kuchoka pamenepo msewu umakwera mokhotakhota ngati wa Khwekhwerere, kungoti m'mbali monse muli chipale chofewa choyera mbee, ndipo mitengo yawerama nacho. Tili anthu atatu, ine, achimwene anga aakulu ndi mwana wawo wamwamuna wa zaka 16. Mnyamatayu ndi amene anandikakamiza. Anaphunzira ski, masewero otsetsereka pa chipale utaponda timatabwa tiwiri titalititali totchedwanso ski, pa maulendo a kusukulu, bambo ake abwerapo kumapiri kuno katatu, ine ndi koyamba. Miyezi iwiri yathunthu amangoti, "Azakhali, tiyeni, mukaona nokha."

Ndine namwino wa ku wodi ya anthu ovulala mwadzidzidzi. Nyengo yozizira ikafika timalandira anthu obwera kuchokera kumapiri kuno ku Alps ali pa ndodo, ena mkono uli pachifuwa. Ndabwera ndi chimwemwe, koma mantha nawo ndawanyamula.

Méribel, malo a ski a ku France komwe tabweraku, ili pakati pa zigwa zitatu zomwe amazitcha Les 3 Vallées, mbali ina Courchevel, mbali ina Les Menuires ndi Val Thorens. Misewu yotsetserekamo ikaphatikizidwa imakwana makilomita pafupifupi 600. Nyumba zonse ndi zamatabwa ndi miyala, madenga opendekeka. Anayambitsa malowa ndi msilikali wa ku Scotland, Peter Lindsay, cha m'ma 1938, n'chifukwa chake Chingerezi chimamveka ponseponse.

Lamulungu

Kobwereka zida, bambo wina anandifunsa kulemera kwanga, msinkhu, zaka, ndi ngati ndinakwerapo ski. Ndinayankha zoona zokhazokha, chifukwa mayankho amenewo ndi amene amagwiritsa ntchito pokunga kachitsulo komanga nsapato pa ski. Akakakunga kwambiri, ukagwa ski sichoka, imakupotokola mwendo, bondo n'kuwonongeka. Akakasiya kolobodoka, ski imachoka uli pa liwiro. Munthu wonama kuti ndi katswiri, kapena wochotsera makilogalamu khumi pa sikelo, akudzipweteka yekha. Kuntchito ndaona mawondo ambiri otere, mtsempha wa mkati mwa bondo utaduka, ndipo kuchira kwake kumatenga miyezi.

Pa helemeti panabuka kakangano. Achimwene anati iwo sathamanga, chipewa chaubweya chikwanira, ndipo kuno ku France palibe lamulo lokakamiza munthu wamkulu. Mwana wawo anangotenga helemeti pa shelefu n'kuwapatsa m'manja. "Dad, mukapanda kuvala ine sindikwera nanu." Anavala. Wa m'sitolo uja anawamanga lamba wa pachibwano, n'kulowetsa chala kuti aone ngati wathina mokwanira.

Mphunzitsi wathu ndi mayi wa ESF, sukulu ya ski ya ku France, amene aphunzitsi ake onse amavala zofiira. Tsiku lonse lathera pa chinthu chimodzi, kuima. Kutsogolo kwa ski ukuyandikizitsa, kumbuyo ukutangadza, iwo amati chasse-neige. Anatiphunzitsanso kagwedwe, kuti ukaona kuti zakanika uzigwera chammbali, usatsamire chala chachikulu uli ndi ndodo m'manja, ndipo usayese kudzuka ukadali kutsetsereka.

Asanatimasule anationetsa chikwangwani cha malamulo khumi a FIS, bungwe loyang'anira masewerowa padziko lonse. Atatu andikhala m'mutu. Amene ali kutsogolo kwako, kumunsi, ndiye mwini njira, chifukwa alibe maso kunkhongo. Usanalowe mumsewu kapena kuyambanso utaima, yang'ana kumtunda ndi kumunsi. Usaime pamalo opapatiza kapena pomwe wochokera kumtunda sangakuone. Ali ngati malamulo a pamsewu, koma kuno kulibe mabuleki, kulibe maroboti, ndipo mwana wa zaka zisanu akuyenda msewu umodzi ndi bambo wa makilogalamu 100.

Lolemba

Cha m'ma 7 koloko ndinadzidzimutsidwa ndi kuphulika, gu! gu! kuchokera kumtunda. Mwana wa achimwene anandiuza kuti ndi ma pisteur, anthu osamalira misewu ndi kupulumutsa ovulala. Amaphulitsa mabomba kuti chipale cholendewera chigumuke anthu asanakwere.

Masana, nditamaliza phunziro, ndinavula ski n'kukwera gondola, kabokosi konyamula anthu kolendewera pa chingwe, mpaka pa nsonga ya phiri la Saulire, mamita pafupifupi 2700. Sapitwa wathu ndi 3002, ndipo amene anakwerako akudziwa thukuta lake. Kuno ndafika pafupifupi msinkhu womwewo nditangokhala pampando, m'mphindi zochepa. Ndinamva mpweya ukuperewera pokwera masitepe ochepa chabe.

Potsika, nkhope ndinaikanikiza pa galasi. Misewu imaonekera bwino kuchokera m'mwamba, yosalazidwa ndi makina, m'mbali mwake muli timitengo tosonyeza malire: tobiriwira kwa ongoyamba, tabuluu, tofiira, takuda kwa akatswiri. Pakati pa msewu wina ndi unzake pamatsala timagawo ta chipale chosakhudzidwa, apo ndi apo nsonga ya mwala itasuzumira. Mapazi a ski ali mbwee m'timagawo timeneto, anthu akudutsa njira yachidule.

Pa phiri lomweli, pa kagawo kotere, ndi pomwe Michael Schumacher anagwa pa 29 December 2013. Munthu amene anapambana mpikisano wa magalimoto wa Formula One wa dziko lonse kasanu ndi kawiri, amene moyo wake wonse anathamanga liwiro loposa makilomita 300 pa ola. Anali ndi zaka 44, anali ndi mwana wake Mick, ndipo ski ankaidziwa bwino. Anatuluka pang'ono chabe mumsewu wokonzedwa, ski inagunda mwala wobisika, iye n'kukamenyetsa mutu pa mwala wina. Helemeti anavala, ndipo inasweka. Madokotala a ku Grenoble ananena kuti popanda iyo sakanafika kuchipatala wamoyo. Helikopita inayamba yamutengera ku Moûtiers, tauni yomwe tinadutsa dzana, kenako ku Grenoble komwe anamuchita opaleshoni ya m'mutu n'kumugoneka ndi mankhwala kwa nthawi yaitali. Anachoka kumeneko mu June 2014, ndipo chichokereni sanaonekenso pagulu.

Chandikhudza n'chakuti malowo saoneka oopsa. Ndinkaganiza za phompho lalikulu, koma ndaona kamalo koti ukhoza kuponya mwala kuchokera mbali iyi n'kukagwera mbali inayo, ana akudutsa chapafupi ali pamzere ngati anapiye. Madzulo ndinauza mnyamata wathu kuti timitengo tija asatidutse ngakhale phazi limodzi. Anati, "Azakhali, aliyense amatero." Ndinamuyankha kuti ndaona ndi maso anga kuti aliyense amatero, koma miyala ili pomwepo.

Lachiwiri

Ntchafu zikuwawa, koma lero ndatsika msewu wobiriwira kuchokera pamwamba mpaka pansi osagwa. Ndasangalala kwambiri. Pali kamphindi kena, ski zikangomvera, umamva ngati dziko likukuyendetsa lokha, phokoso lokhalo ndi la chipale chikuti sweee pansi pa mapazi.

Pa mphambano ina mphunzitsi anatiimika m'mbali kuti tingoonerera. Misewu iwiri imakumana, pali nsalu yaikulu yolembedwa kuti achepetse liwiro, koma ena amangodutsa vuu! Anatikumbutsa za Gaspard Ulliel, katswiri wa mafilimu wa ku France, amene anawombana ndi munthu wina pa mphambano ya misewu iwiri yabuluu ku La Rosière, m'chigawo chomwechino cha Savoie, mu January 2022. Anamwalira tsiku lotsatira ku Grenoble ali ndi zaka 37. Sanavale helemeti. Msewu wabuluu ndi womwe ine ndikuyembekeza kuyamba mawa.

Lachitatu

Ndikulemba izi usiku, ndili pampando wa m'chipatala, ndipo manja sanasiye kunjenjemera.

Kunacha kuli mitambo. Kuwala kwa tsiku lotere kumabisa chilichonse, sudziwa pokwera ndi potsika, zonse zimangooneka zoyera mofanana. Titadya nkhomaliro achimwene anati titsike limodzi atatu msewu wabuluu wosavuta, andijambule kuti titumize kwa amayi ku Blantyre. Ananditsogolera, anadutsa kamtunda kena, n'kuima kuseri kwake pakati penipeni pa msewu. Anavula magolovesi n'kutulutsa foni. Ine ndinali m'mbali, ndikutsika pang'onopang'ono, ndiye ndinaona zonse. Mnyamata wina wamtali anatulukira pakamtundako ali pa liwiro. Sakanawaona mpaka atafika. Anayesa kukhota, koma anawagunda paphewa, achimwene n'kugwa chagada, mutu n'kumenya pansi polimba. Phokoso lake ndinalimva ndili kutali mamita makumi awiri.

Mwana wawo anachita zomwe ine namwino sindinaziganize. Anavula ski zake, anathamangira kumtunda kwa kamtunda kaja n'kuzizika mopingasa ngati mtanda, chizindikiro choti pali wovulala, kuti wina asadzatigwerenso. Kenako anaimba nambala ya opulumutsa yomwe ili pa mapu a misewu, n'kuwerenga dzina la msewu ndi nambala ya pa chikwangwani chapafupi. Amene alibe nambala imeneyo aimbe 112, imagwira ku Ulaya konse. Mnyamata wowagunda uja sanathawe. Anakhala pomwepo, nkhope ili mbuu, ndipo anapereka dzina ndi nambala yake monga malamulo a FIS amanenera.

Pamene ndimafika n'kuti achimwene atatsegula maso. Ndinawagwira mutu ndi manja awiri kuti asapotoze khosi. Anati, "Chemwali, ndisiye, ndili bwino." Amafuna kudzuka, amaseka, amapepesa kwa mnyamata uja. Kenako anandifunsa, "Kodi nkhomaliro tadya kale?" Ndinati eya, tadya. Patapita mphindi imodzi anafunsanso funso lomwelo, ndi mawu omwewo. Kachitatu atafunsa, mwana wawo anandiyang'ana, misozi ili lengelenge.

Funso lobwerezabwereza limenelo ndimalidziwa. Ubongo ukagwedezeka umalephera kusunga zatsopano. Ndipo mawu akuti "ndili bwino" ochokera kwa munthu amene wangomenyetsa mutu sindiwakhulupirira, chifukwa chiwalo chomwe chikuyankhacho ndi chomwe chavulala. Nthawi yonseyo m'mutu mwanga munali Natasha Richardson, katswiri wa zisudzo wa ku Britain. Mu March 2009 anagwa pa msewu wa ongophunzira ku Mont Tremblant, ku Canada, ali pa phunziro ndi mphunzitsi, alibe helemeti. Anadzuka, amayankhula bwinobwino, ndipo anakana thandizo la chipatala. Patapita maola ochepa mutu unayamba kumupweteka kwambiri. Magazi anali akutayikira pakati pa chigaza ndi chikopa chokuta ubongo, akupanikiza ubongo pang'onopang'ono. Anamwalira pa 18 March ali ndi zaka 45. Kuvulala kotere kumapatsa munthu kanthawi kooneka ngati wachira, ndipo kanthawi kameneko ndi komwe dokotala akanatha kumupulumutsa.

Ma pisteur awiri anafika pasanathe mphindi khumi, mmodzi akukoka chileyi chonyamulira ovulala. Achimwene anakana kukwera. Amati n'zochititsa manyazi, amati atsika okha, amafunsa mtengo wake. Moyo wanga wonse sindinawakwezerepo mawu, ndi amene anandilipirira sukulu bambo atamwalira. Lero ndawauza kuti, "Achimwene, pano sindikuyankhula ngati mlongo wanu wamng'ono. Gonani pamenepo." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anagona. Anawamanga khosi, anawakulunga m'matiresi omwe amauma akachotsamo mpweya, pisteur mmodzi n'kutsika nawo phiri, chileyi chili pambuyo pake.

Helemeti ndinainyamula ine. Kumbuyo kwake kuli mng'alu wautali ngati chala changa, ndipo mkati mwake mwaphwanyika.

Lachinayi

Sikani ya mutu yaonetsa kuti mulibe magazi otayika. Ubongo unagwedezeka, ndipo fupa la pakati pa khosi ndi phewa lathyoka. Anawagoneka usiku umodzi, namwino akubwera pafupipafupi kudzawaunika m'maso ndi tochi ndi kuwafunsa dzina, tsiku ndi komwe ali. Ntchito yomwe ndimachita sabata iliyonse, koma dzulo ndinali mbali inayo ya bedi, ndikumvetsera yankho lililonse mtima uli m'mwamba.

Mlamu ndinawaimbira sikani itatuluka. Anangoti, "Mlamu, ndiuzeni zoona, musandibisire." Ndinawafotokozera zonse mwatsatanetsatane, kenako ndinapereka foni kwa amuna awo. Amayi ku Blantyre tiwauza tikafika kunyumba, achimwene akadzatha kuyankhula nawo pa vidiyo kuti awaone okha.

Atitulutsa masana ndi pepala la zizindikiro zoyenera kubwerera nazo msangamsanga: mutu wopweteka mowonjezereka, kusanza kobwerezabwereza, tulo tovuta kudzutsa, kusokonezeka, kufooka mbali imodzi, kukomoka, madzi oyera otuluka m'mphuno kapena m'khutu. Mowa ayi, galimoto asayendetse, foni achepetse, ndipo asakhale okha. Za ski chaka chino zatha, chifukwa kumenyetsanso mutu ubongo usanachire n'koopsa kuposa koyamba.

Nkhani ya ndalama ndiilembe, chifukwa ambiri a ife okhala ku Britain timaganiza kuti kadi ya GHIC, yolandirira chithandizo cha kuchipatala ukakhala ku Ulaya, ndi yokwanira. Kadiyo imathandiza pa chithandizo cha m'chipatala cha boma basi. Kutsitsidwa paphiri ndi chileyi kuno n'kolipira, mayuro mazanamazana, ndipo helikopita ikafunika zimafika pa masauzande. Ulendo wobwerera kwanu uli wovulala kadiyo siiukhudzanso. Chinatipulumutsa n'chakuti pogula ziphaso za ma lift, makina okweza anthu paphiri, tinawonjezera mayuro ochepa patsiku a inshuwalansi ya Carré Neige, ndipo inshuwalansi yathu ya ulendo inali yophatikiza masewero a m'chipale. Yamba wawerenga pepala lako usananyamuke, chifukwa zambiri za ulendo wamba siziphatikiza ski pokhapokha utapempha, ndipo zina zimakana kulipira ngati unatuluka mumsewu wokonzedwa kapena unali utamwa. Ku Italy, kuseri kwa mapiri omwewa, kuyambira January 2022 munthu saloledwa kukwera ski alibe inshuwalansi yolipirira amene angamuvulaze, ndipo kutsetsereka utaledzera ndi mlandu.

Usiku uno ndayala matiresi pansi m'chipinda cha achimwene. Ndikuganiza za anyamata a kabaza kwathu ndi okwera awo, mitu ili pamtunda, ndi angati amene amadzuka pa phula n'kusasa fumbi, n'kunena kuti ali bwino, n'kupita kukagona.

Lachisanu

Chipale chagwa usiku wonse. M'mawa mabomba analira nthawi yaitali kuposa masiku onse, ma lift akumtunda anachedwa kutsegulidwa, ndipo pa chikwangwani analemba kuti chiopsezo cha chigumukire chili pa 4. Muyezo wake ku Ulaya umayambira pa 1 kulekeza pa 5.

Mnyamata wathu sanafune kutuluka. Anakhala pawindo osadya. Nditamufunsa anati, "Azakhali, ndine ndinakubweretsani kuno. Ndinawaona Dad ataima pamalo olakwika, koma ndinaopa kuwauza." Ndinamukumbutsa amene anatenga helemeti pa shelefu Lamulungu lija, ndi amene anazika ski mopingasa ine nditasokonezeka. Analira, ndipo ndinamusiya alire. Bambo ake anamuitana kuchipinda, anayankhulana awiri chitseko chili chotseka. Potuluka anati bambo ake amulamula kuti andiperekeze ku phunziro langa lomaliza. Mayi wina wa chipinda choyandikana nafe, amene bondo lamukhazika pansi sabata yonse, anavomera kukhala ndi achimwene maola awiri.

Tili pa mpando wokwerera ndi mphunzitsi, tinaona anyamata anayi akudutsa pansi pa chingwe cha malire kulowa m'chipale chatsopano, hors-piste, opanda zikwama kumsana. Mphunzitsi anapukusa mutu. Anati wopita kumeneko amafunika zinthu zitatu, kachipangizo kotumiza ndi kulandira chizindikiro, ndodo yaitali yofufuzira ndi fosholo, ndipo aliyense pagulupo azidziwa kuzigwiritsa ntchito. Munthu wokwiriridwa, mwayi wake umatsika kwambiri pakangodutsa mphindi 15, choncho omufukula ndi anzake omwe ali nawo, helikopita imafika mochedwa. Chipale chikagumuka n'kuima chimauma gwaa ngati simenti, sungasunthe ngakhale chala. Prince Friso wa ku Netherlands anakwiriridwa motero ku Lech, ku Austria, mu February 2012, kunja kwa msewu wokonzedwa. Anakhala pansi mphindi zoposa 20, ubongo unasowa mpweya, ndipo anamwalira mu August 2013. Mphunzitsi anawonjeza kuti anthu ambiri amafa muyezo uli pa 3, chifukwa pa 4 ndi 5 amaopa, koma 3 amaiona ngati yapakatikati. Ine wokulira m'munsi mwa Soche, amene ndinaona zomwe phiri linachita ku Chilobwe mu March 2023, sindinafunikire kuuzidwa kawiri.

Msewu wabuluu uja ndautsika. Miyendo inkanjenjemera poyamba, makamaka poyandikira kamtunda kaja. Mnyamata anali pambuyo panga ngati mlonda. Tinadutsa, tinakaima kumunsi m'mbali penipeni, pomwe aliyense angatione, ndipo tisananyamukenso tonse awiri tinatembenuka kuyang'ana kumtunda.

Loweruka

Tili m'basi, tikutsika kulowera ku Moûtiers. Dokotala anavomereza kuti achimwene akwere ndege. Akhala pawindo, mkono uli m'nsalu, avala magalasi akuda chifukwa kuwala kukuwapweteka m'maso. Akukumbukira nkhomaliro ya Lachitatu, akukumbukira denga la ambulansi, koma zapakati palibe. Chithunzi chomwe amafuna kundijambula mulibe m'foni.

Dzulo madzulo pobweza zida, wa m'sitolo uja anaitembenuza helemeti, anapisa chala mumng'alu, n'kunena kuti imeneyi yatha ntchito, helemeti ikamenyedwa kamodzi siivalidwanso. Amafuna kuitaya. Achimwene anandituma kuti ndiilipire ndi kuitenga. Akuti akaionetse kwa anzawo a kutchalitchi omwe akukonza ulendo wa ana mwezi wamawa. Mwana wawo waifungatira pamiyendo, wakana kuiika m'chikwama.